Chigamba Chofiira Pansi pa Boti

Ndinafika ku Leicester ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndisanakwerepo chinthu chilichonse choyenda pamadzi. Kwathu n'kumapiri a Dedza, ndipo madzi amene ndinkawadziwa ndi a pamjigo ndi a kamtsinje kouma chilimwe. Ndinkakhala kwa amalume ku Evington, m'kachipinda koyang'ana kuseri. Masiku anayi pa sabata ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo masiku otsalawo ndinkakolopa pokolopa kale. Amalume ndiwo anandiitanitsa. Amayi ponditsanzika anangoti, usakawachititse manyazi alongo anga.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala bambo wina wachingerezi, wopuma pantchito, amene akazi awo anamwalira kale. Tonse tinkangowatchula kuti aneba. Anali aatali, osakonda kuseka, ndipo ankayankhulira m'kamwa mothamanga moti ine ndinkatolapo mawu awiri kapena atatu, kwinako n'kumangovomera. M'galaja mwawo munali boti lokwana anthu atatu, la kainjini kumbuyo. Silinali lamatabwa kapena lachitsulo. Linapangidwa ndi chinthu cholimba chimene amati faiba, chimene m'maso mwanga chinali pulasitiki ngati wa beseni.

Botili ndi limene linawagwirizanitsa ndi amalume. Loweruka likawapeza amalume alibe shifiti kuchipatala, awiriwo ankalikoka pagalimoto kupita nalo kumtsinje wa Trent kukawedza. Anti, akazi a amalume, nkhaniyi sinkawatha m'kamwa.

“Bambo a nyumba ino amadzuka m'mamawa, kuthira petulo, kukagwira nsomba, kuijambula, kuipepesa, n'kuibwezera m'madzi. Ndiwo ndikagule ine kushopu.”

“Ndi masewera amenewo, mayi. Simungawamve.”

“Ndawamva. Nsombazo ndi zimene zikusewera nanu.”

Aneba analinso mlenje. Anali ndi mapepala a mfuti, ndipo eni minda ankawaitana kukachepetsa agwape amene amadya mitengo yongobzala kumene. Amalume anandifotokozera kuti zonse zinali zololedwa, koma mtima wanga sunamve. Kwathu mfuti ndinkaiona ndi apolisi, ndi tsiku lina pamene alonda a nkhalango anadzagwira munthu wowotcha makala. Ndikaona aneba akutsika m'galimoto ndi chikwama chachitali chija, ndinkachoka pawindo.

Chakumayambiriro kwa Febuluwale amalume anandipereka.

“Aneba zala zawavuta, nyamakazi. Boti likufunika kutsuka, kupala ndi kupaka penti kunsi. Ndawauza kuti kunyumba kuno tili ndi mwana wa manja.”

Ndinati chabwino.

Boti analivundikira pa mabenchi awiri, mimba ili m'mwamba. Aneba anandisonyeza sopo, pepala lopalira ndi chitini cha penti wobiriwira, n'kundipatsa kiyi wa galaja. Ananena zambiri, ine n'kumagwedeza mutu. Kenako anapita kwa mwana wawo ku Nottingham kwa masiku atatu.

Tsiku loyamba ndinatsuka ndi kupala mpaka mapewa kuwawa. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti mashelefu a pamwamba pa boti ali ndi fumbi ndi akangaude. Palibe anandituma, koma ndinaganiza kuti aneba akabwera adzakondwa, ndipo amalume adzamva. Ndinakwera pa ndowa yovundikira n'kuyamba kutsitsa zinthu. Pa shelefu yapamwamba panali nangula, chitsulo cha mano anayi choimitsira boti. Manja anga anali ndi sopo. Chinandipulumuka n'kugwera pamimba pa boti, dzino limodzi lili pansi.

Ndinakhala kaye chiimire pandowa paja, ndikumvetsera ngati wina wamva. Nditatsika ndinapeza mng'alu wotalika ngati chikhato changa, pafupi ndi msana wa boti. Nditasuzumira kunsi ndinaona kuwala kwa babu kukudutsa.

Anti anali m'nyumba, akugona pochokera kushifiti. Ndikanatha kuwadikira adzuke. Ndikanatha kuwaimbira amalume. Koma ndinangoona amalume ataima pakhomo pa aneba akupepesa chifukwa cha ine, mwana amene anamutama okha, ndipo kuseri kwa chitseko chimenecho kuli kabati ya mfuti.

Kwathu ndowa ikang'ambika sititaya. Umadula kachidutswa ka beseni lakale, n'kuika mpeni pamoto mpaka ufiire, n'kumasungunulira pulasitikiyo pamng'alupo ngati ukuzira pansi. Ntchito imeneyi ine ndinkaidziwa kuyambira ndili sitandade faifi, ndipo amayi a m'mudzi ankabwera ndi ndowa zawo kwa ine. Kuseri kwa nyumba ya amalume kunali ndowa yofiira yokolopera, yothyoka chogwirira. Ndinadulako chigamba. Ndinatenga mpeni wakale m'khitchini, n'kuyatsa kambaula ka gasi kamene aneba ankaphikira tiyi kumtsinje.

Pa ndowa, mpeni ukakhudza, mbali zonse zimasungunuka, chigamba ndi ndowa n'kukhala chinthu chimodzi. Apa chigamba chokha ndicho chinasungunuka. Boti linangoda, n'kutulutsa fungo lowawa, ndipo m'mphepete mwa mng'alu munatuluka timaulusi toyera. Pulasitiki wanga anangokhala pamwamba ngati phala pambale. Ndinaona zimenezi. Sindinganame kuti sindinazione. Ndinangowonjezera wina, n'kusalaza, n'kupala. Nditathira madzi a m'ketulo anayenderera bwinobwino osadontha, ndipo ndinadziuza kuti basi chagwira. Ndinapaka penti kawiri boti lonse, pamalopo katatu.

Aneba atabwera anazungulira boti manja ali m'thumba. Anayang'ana mashelefu. Kwa nthawi yoyamba ndinaona mano awo.

“Akuti sanalionepo likuwala chonchi,” amalume anamasulira, ngakhale apa ndinali nditamva. “Ndinakuuzani, aneba. Magazi athu amenewa.”

Kuchokera tsiku limene ndinang'amba boti mpaka Loweruka la ulendo panali masiku asanu ndi anayi. Ndinkapita kuntchito, kusambitsa agogo achizungu, kuwadyetsa, koma maganizo ali m'galaja. Pabasi ndinkakonza mawu. Amalume, pali kanthu kena. Amalume, ndinalakwitsa pang'ono. Ndikafika n'kuwapeza akuvula nsapato, atatopa, mawuwo ankabwerera okha. Tsiku lina ndinayesa kwa anti tikutsuka mbale.

“Anti, boti likabooka pamadzi, anthu amatani?”

“Odziwa kusambira amasambira. Amalume akowa amangomira ngati nkhwangwa. Paja ngakhale kunyanja ya mchere tinapita ija anangonyowetsa akakolo. Wafunsiranji?”

“Ndimangofunsa.”

Lachisanu m'mawa aneba anabwera ndi gwape. Chakumasana anagogoda kwathu kudzapempha manja, poti zala zawo sizinkagwira bwino mpeni kukazizira. Amalume kunalibe. Anti anandikankha pamsana.

Gwape anali atamupachika miyendo yakumbuyo pa mtanda wa galaja, mutu uli pansi, pafupi kwambiri ndi boti limene tsopano linali litakwezedwa pa ngolo yake. Matumbo anali atachotsera kutchire. Anali wamkulu kuposa agwape akwathu, wa timaanga tozimiririka pamsana. Ntchito yanga inali kukoka chikopa iwo akucheka. Mbuzi ndinasendapo, choncho magazi sanandiopse. Chinandiopsa ndi maso a bamboyo. Ankaona chilichonse: kaubweya kogwera panyama, kachotupa pachiwindi, ntchentche imodzi m'nyengo yopanda ntchentche. Ankayendetsa chala chachikulu pa nthiti pang'onopang'ono ngati akuwerenga.

Anandisonyeza polowera chipolopolo, kuseri kwa phewa. Kabowo kake kanali kochepa moti chikhadabo changa chikanakatseka. Kenako anatsegula chifuwa kuti ndione m'kati. Nthiti ziwiri zinali zitaphwanyika, nyama yonse yozungulira ili yakuda. Ananena pang'onopang'ono, kuti ndimve, kuti kunja sikuuza munthu kanthu, mlenje amayang'ana m'kati. Ankanena za gwape basi. Ine chikopa chinanditerera m'manja. Boti linali kumbuyo kwanga, ndipo ndinaima dala pakati pa ilo ndi iwo mpaka tinamaliza.

Anandipatsa mwendo wonse wakutsogolo m'jumbo. Madzulo anti anakazinga, nyumba yonse n'kununkhira, ana a amalume akulimbirana m'Chingerezi. Ine ndinati mutu ukundiwawa.

Loweruka amalume anati ndipite nawo ndikaone kumene ntchito yanga ikukagwira ntchito. Anakonza zoti ndikakhale m'galimoto ndi fulasiki ya tiyi, kapena kuyendayenda m'mbali mwa mtsinje. Tinayenda pafupifupi ola lathunthu, ngolo ikugogoda kumbuyo.

Trent sindinkamuganizira choncho. Mvula inali itagwa sabata yonse, ndipo mtsinje unali wotakata, wa madzi ofiirira ngati tiyi wa mkaka wochepa, ukuyenda mosachita phokoso. Nthambi yaikulu inadutsa pakati pake mofulumira kuposa munthu wothamanga. Kunkazizira moti mpweya unkaoneka. Anabweza galimoto potsetserekera maboti, ndipo boti linatera pamadzi n'kuyandama bwinobwino, likuwala.

Pamenepo ndinaganiza chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndinaganiza kuti ndikakwera nawo, ndikhala pamwamba pa mng'alu n'kupondapo ndi phazi.

“Amalume, ndingakwere nawo?”

Anandiyang'ana ngati kuti amene wayankhulayo ndi mpando. Chifikire changa ndinali ndisanapemphepo kanthu, ngakhale mchere patebulo.

“Iwe? Wa ku Dedza? Aneba, mwamva? Mwanayu akufuna kukhala msodzi.”

Aneba anatulutsa jekete lachitatu loyandamitsa munthu, limene linali la akazi awo, n'kundimanga okha malamba. La amalume linkakana kutseka pamwamba pa majuzi awiri ndi mimba. Analitseka aneba akuyang'ana, koma titangokhala pansi, iwo kutsogolo, anamasula lamba mwakachetechete n'kunditsinzinira diso.

Ine ndinakhala pabenchi lapakati. Pansi pa boti panali timatabwa toyala, topondapo, ndipo mng'alu unali kunsi kwa timatabwato, chakumanzere kwa phazi langa. Nditangokhala ndi pamene ndinazindikira uchitsiru wanga. Chigamba chinali kunja, m'madzi, kumene phazi silikanafika. Injini inalira, mtunda n'kuyamba kuchoka.

Tinakwera mtsinje kulimbana ndi madzi. Amalume ankaimba nyimbo ya kwaya, aneba ali kumbuyo, dzanja lili pa chogwirira injini. Ine maso anali pa mipata ya timatabwa. Munali mouma. Ndinawerenga mpaka handiredi, muli mouma. Ndinayamba kuganiza kuti mwina Mulungu wandichitira chifundo, mwina faiba ndi pulasitiki ndithu.

Kenako boti lalikulu loyera linatsika mtsinje n'kutidutsa, anthu ake akutibayibitsa. Mafunde ake anatipeza. Boti lathu linakwera n'kumenya pansi, kukweranso n'kumenya, katatu. Kachitatuko ndinamva m'mapazi kanthu kakuti thee, kochepa, kamene wina aliyense sakanakamva.

M'mipata ya timatabwa munayamba kunyezimira. Poyamba kanali kamzere. Kenako madzi anatulukira pamwamba pa thabwa n'kukhudza nsapato yanga, ndipo kuzizira kwake kunalowa mpaka m'mano.

“Mafunde aja atithira,” anatero amalume atacheuka. “Kapa, msodzi. Botolo lodula lili pansi pa benchi lakolo.”

Ndinatenga botolo n'kuyamba kukapa. Ndinakapa kasanu, kakhumi, madzi osatsika. Tinali pakati penipeni, mtunda uli kutali mbali zonse. Ndinayang'ana msana wa amalume, lamba wa jekete akulendewera m'mbali.

“Amalume.”

Injini inameza mawu anga.

“Amalume, botili ndi lobooka.”

“Ukuti chiyani?”

“Ndinaligwetsera nangula. Linang'ambika pansi. Ndinamata ndi pulasitiki wa ndowa, n'kupakapo penti.”

Anatembenuka thupi lonse. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana madzi amene tsopano anali atakwirira timatabwa. Ndinkadikira kuti awauze aneba, monga ankachitira nthawi zonse, koma iwo anangoyang'anabe madziwo. Manja awo anagwira m'mphepete mwa boti mbali zonse ziwiri. Munthu amene kuchipatala amatseka maso a akufa, nkhope yake inali itachita phulusa.

Ndinatembenukira kwa aneba n'kunena ndekha, m'Chingerezi changa cha kusukulu ya kumudzi, mawu amodziamodzi. Sindikudziwa ngati ndinalondola. Anandifunsa zinthu zitatu zokha: pati, kutalika bwanji, ndinamata ndi chiyani. Nditayankha chachitatucho anatseka maso kamphindi. Kenako anakhotetsa boti pang'onopang'ono, osati kubwerera kumene tinachokera, koma kuloza gombe lapafupi, kumene kunali bango. Anawauza amalume kuti amange jekete. Anandiuza kuti ndisaleke kukapa ndipo ndisaimirire zivute zitani.

Amalume anayesa kumanga lamba. Zala zawo zinkaphonya chomangira, kuphonyanso. Ankanong'ona mayina a ana awo, wamkulu, wapakati, wamng'ono, n'kuyambiranso. Ndinasiya botolo, n'kugwada m'madzi aja, kuwakokera lamba mpaka analira kuti kwa. Nditabwerera pabenchi madzi anali m'akakolo, ndipo chitini cha nyambo chinkayandama. Boti linalemera, likuyenda ngati ng'ombe yotopa, mtsinje ukulikankhira cham'mbali. Bango linkaoneka kuti silikuyandikira. Ndinakapa mpaka manja anasiya kumva, ndikudziwa kuti amene ndikutaya ndi ochepa kuposa amene akulowa.

Potsiriza pansi pa boti panakhula matope. Aneba anazimitsa injini n'kutsikira m'madzi ofika m'ntchafu, chingwe chili m'manja. Anati tidikire atikokere kaye. Amalume sanamve, kapena thupi lawo silinamve. Anaimirira n'kuponda m'mphepete, boti n'kupendekeka, iwo n'kugwera mbali yakuya.

Madzi anawafika m'chifuwa mokha, koma kuzizira kunawatsekera mpweya. Ankakoka mpweya mokoka mokoka osautulutsa, maso ali pamtunda, mapazi akuterereka m'matope, ndipo mtsinje unayamba kuwatembenuza. Ndinagona chamimba pabenchi n'kuwagwira kolala ya jekete ndi manja awiri. Sindinawakoke, mphamvu zake ndinalibe. Ndinangokana kuwasiya mpaka aneba anazungulira n'kuwagwira m'khwapa.

Titafika pouma, amalume atakhala pa udzu akunjenjemera, ine ndinachita chimene ndinaphunzira kwathu. Ndinagwada m'matope pamaso pa aneba, mutu pansi, manja pamodzi. Iwo anaganiza kuti miyendo yandifooka ndi chisanu. Anavula chikhoti chawo n'kundifunditsa, n'kuyamba kundipukuta manja ndi zala zawo zopindika zija, akundifunsa ngati ndikuona bwino.

“Dzuka,” anatero amalume, mano akugundana. “Kuno samva zimenezo.”

Aneba anayenda wapansi kukatenga galimoto, ndipo anthu ena awiri owedzera pamtunda anatithandiza kukokera boti pa udzu n'kulipendeketsa. Chigamba chinali chikulendewera ndi ngodya imodzi, kunja kobiriwira, m'kati kofiira. Aneba atabwera anachithothola ndi zala ziwiri, mosavuta ngati nkhanambo. Mng'alu unali utakula kufika theka la mkono. Anachitembenuza chigambacho kangapo, n'kundifunsa mmene ndinachipangira. Ndinafotokoza za mpeni ndi moto, ndikudikira ukali. Anangoti ntchito yake ndi yaudongo, koma faiba sasungunuka, ndipo ndikanawauza tsiku lomwelo ikanakhala ntchito ya masana amodzi. Anachiika m'thumba la malaya. Sindinadziwe ngati amenewo anali mathero a mlandu kapena chiyambi chake, ndipo njira yonse ndinkayang'ana kumbuyo kwa mutu wawo.

Amalume anakhala kutsogolo atafunda bulangeti la galu wa aneba, hita ya m'galimoto ikuwauzira mpweya wotentha. Kunyumba anawauza anti kuti tinagunda chitsa cha m'madzi. Anti anawakalipira uku akuwathirira madzi otentha m'bafa, ndipo ine anandipatsa tiyi wa shuga wambiri n'kunditcha mwana wosauka amene azibambo opanda nzeru afuna kumupha. Ndinamwa tiyiyo.

M'mawa mwake, anti atatsogola ndi ana kugalimoto kupita kutchalitchi, amalume anandiimitsa m'khitchini. Ankamanga tayi osandiyang'ana.

“Masiku angati unadziwa?”

“Naini.”

“Tikudya limodzi.”

“Ndimaopa, amalume.”

“Umaopa ndani? Ine?”

Anakoka tayi, n'kuimasula, n'kuyambiranso.

“Ukanandipha mwaulemu kwambiri,” anatero. “Tenga Baibulo, tachedwa.”

Boti tinalikonza mwezi wotsatira, ine ndi aneba. Anandipalitsa malo onse ozungulira mng'alu mpaka kuyera, n'kundiphunzitsa kuyala nsalu ya faiba ndi guluu wake wonunkha, m'kati ndi kunja, katatu. Sanatchulenso za mtsinje. Ankangoti akanena chinthu, ndibwereze m'mawu anga asanapitirize, ndipo ndikagwedeza mutu ankaima n'kudikira.

Nyengo yowedza itatsegulidwanso mu Juni tinabwerera ku Trent tonse atatu. Boti litatera pamadzi, amalume anatsitsa kampando kopinda m'galimoto n'kukakhazika pa udzu, kutali ndithu ndi gombe. Anati msana ukuwavuta, mabenchi a m'boti ndi olimba. Aneba anavomera kuti ndi olimbadi. Zaka zapitapo tsopano, ndipo amalume sanapondemonso m'boti lililonse. Anzawo akutchalitchi akawafunsa amanenabe za msana, ndipo ndikakhala pafupi amayang'ana kwina, inenso n'kuyang'ana kwina.